Chithunzi ndi Mau Ake: Zojambula za Ana a !kun ku Cape Town

Munthu akaima pa gombe la Milnerton, kumpoto kwa mzinda wa Cape Town, nayang'ana tsidya lina la madzi, amaona phiri la Table monga momwe lidakhalira m'zithunzi zambirimbiri za zaka za m'ma 1800. Milnerton weniweniyo ngwaposachedwa: adakhazikitsidwa m'chaka cha 1897, ndipo dzina lake lidachokera kwa Alfred Milner, bwanamkubwa wa dziko la Cape pa nthaŵiyo. Koma doko limene munthu amaliyang'ana ali pa gombepo nlakale, ndipo amisiri onga Thomas Bowler ndi Thomas Baines adalijambula kaŵirikaŵiri, zombo zake, mafunde ake, ndi mtambo umene umayala pamwamba pa phirilo. Chimene sitichipeza m'zithunzi zotere ndi ana amene ankafika mumzindawu atachotsedwa kwao. Nkhani ino ikunena za anai mwa ana amenewo, ndi za mapepala amene iwo eni adajambulapo ndi pensulo, makala ndi utoto wamadzi m'nyumba ina ya ku Mowbray, mtunda wosatalika kuchokera pa gombe tatchulali, kuyambira m'chaka cha 1879.

Mwina ena adabwa kuti pa msonkhano wa zinenero tabwera ndi zithunzi. Chifukwa chake nchakuti zithunzi zimenezi sizimveka tanthauzo lake popanda mau amene adalembedwa m'mbali mwake, ndipo mauwo nawonso ngopereŵera popanda zithunzizo. Tikufuna kuonetsa kuti pepala lililonse la anaŵa ndi chinthu chimodzi, utoto ndi chiganizo pamodzi, ndi kuti aliyense wolekanitsa ziŵirizi, kaya ndi wosunga zithunzi amene akufuna chokongola choti apachike pa khoma, kaya ndi mnzathu wa zinenero amene akufuna mau oti aike m'dikishonale, amataya chimene mwanayo adanena.

Nyumba ya ku Mowbray njodziŵika kwa onse ophunzira zinenero za kuno kumwera kwa Africa. Mwini wake adali Wilhelm Bleek, Mjeremani amene adatipatsa dzina lakuti Bantu, ndipo ife a ku Malaŵi ndi a ku Tete tili naye chibale china: buku lake la m'chaka cha 1856, The Languages of Mosambique, limene adalikonza kuchokera m'zolemba za Wilhelm Peters, lili ndi mindandanda ya mau a ku Tete, a ku Sena ndi a Amaravi. Kuyambira m'chaka cha 1870 Bleek ndi mlamu wake Lucy Lloyd ankasunga pakhomo pao anthu a mtundu wa |xam, ambiri mwa iwo amuna amene adaakhala akaidi ku ndende ya Breakwater, namalemba chinenero chao ndi nthano zao m'makope ochuluka. Bleek adamwalira m'chaka cha 1875, ndipo Lloyd adapitiriza ntchitoyo. Zizindikiro zimene zili patsogolo pa maina onga |xam ndi !kun zimaimira maliwu otuluka poyamwa lilime, onga amene timaŵamva m'Chizulu ndi m'Chixhosa, ndipo tazisiya monga momwe Bleek ndi Lloyd adazilembera.

M'mwezi wa September 1879 pakhomopo padafika anyamata aŵiri, !nanni ndi Tamme, ndipo m'mwezi wa March 1880 padafikanso ena aŵiri ocheperapo msinkhu, |uma ndi Da. Anaŵa sadali a |xam ai. Kwao kudali kutali kumpoto, cha kumene lero maiko a Namibia, Angola ndi Botswana ayandikana, ndipo chinenero chao, cha !kun, chidali chosiyana ndithu ndi cha |xam, kotero kuti |han≠kass'o, amene adali akadali pakhomopo mpaka December 1879, sankamvana nawo. Onse anai adachotsedwa kwa makolo ao ali aang'ono, napatsiranidwa kuchokera kwa mbuye wina kupita kwa wina mpaka kudzafika ku Cape. Tsono Lloyd adapezeka ali ndi chinenero chopanda dikishonale ndiponso chopanda womasulira. Mwana akajambula chinthu, iye ankatha kuchiloza nafunsa dzina lake. Ndipo m'njira imeneyi mudatuluka mapepala oposa 500, amene lero amasungidwa ku University of Cape Town, ku Iziko South African Museum ndi ku National Library of South Africa. Zolemba za Bleek ndi Lloyd zidaloŵa m'kaundula wa UNESCO wa Memory of the World m'chaka cha 1997.

Pali kusiyana kwina kumene sikutchulidwa kaŵirikaŵiri. Akuluakulu a |xam, monga ||kabbo ndi |han≠kass'o, adakhala pansi najambulidwa ndi mmisiri William Schroeder, ndipo nkhope zao zidasindikizidwa ndi mitundu yake m'buku la Specimens of Bushman Folklore m'chaka cha 1911. Ana aja m'buku lomwelo akuoneka pa chithunzi cha kamera. Wofuna chithunzi cha utoto wamadzi cha mwana wa m'nyumba imeneyi ayenera kuchifuna m'zimene mwanayo adapaka ndi dzanja lake.

Kuti timvetse chachilendo cha mapepala ameneŵa, tiyambe taona m'mene munthu wakuda ankajambulidwira masiku amenewo, ndipo chitsanzo chapafupi ndi kwathu ndi cha Baines yemwe uja. Baines adabadwira ku King's Lynn m'chaka cha 1820, nafika ku Cape Town mu 1842, ndipo mu 1858 adalembedwa ntchito ya ujambuli ndi yosunga katundu pa ulendo wa David Livingstone wa pa mtsinje wa Zambezi. Livingstone adamlamula m'kalata kuti ajambule anthu oimira mtundu uliwonse umene akomane nawo, kuti zithunzizo zithandize maphunziro a mitundu ya anthu. Adaonjezanso kuti asankhe a nkhope zokongola, popeza Azungu nawo posonyeza mtundu wao amasankha okongola. Langizo lachiŵirili lidachokera mumtima wabwino, koma silidasinthe cholinga cha loyamba lija: wojambulidwayo adayenera kuimira anthu ena, osati iye mwini. Mu 1859 Baines adajambula ndi utoto wamadzi amuna aŵiri amene zithunzi zao zili ku Royal Geographical Society ku London. Mmodzi ndi Conde, amene mau a pa chithunzicho amamutcha mbadwa ya ku Tete. Wina ndi Shibante, mbadwa ya ku Mazaro, wopalasa ndi wotsogolera ngalawa, wake wa Major Sicard, mkulu wa asilikali a Chipwitikizi ku Tete.

Baines adali mmisiri weniweni, ndipo maina a anthu aŵiriŵa adaŵalemba. Pa zimenezi tiyenera kumuyamika. Koma taonani ntchito imene mau akugwira pa pepala lake. Utoto ukuonetsa munthu. Mau akumtenga munthuyo namuika m'gulu, mbadwa ya kwakuti, ndipo pa Shibante akumuikanso m'manja mwa mwini. M'Chicheŵa tikati "wa Sicard" tingathe kunena mwana, mkazi, mphwake kapena wantchito, ndipo womva amayamba waganiza za chibale. Koma liwu la Chingerezi limene lili pa chithunzicho ndi lomwe likadanenedwanso pa ngalawa imene Shibante ankapalasa. Baines adachotsedwa ntchito chaka chomwecho, ndipo mwa milandu imene Livingstone adammangira padali wakuti ankaononga nthaŵi ndi utoto wa ulendowo pojambula nkhope za Apwitikizi. Mtsinje wa Shire sadaukwere.

Tibwerere tsono ku Mowbray. Ambiri mwa mapepala a !nanni ndi Tamme, amene adajambula kuposa anzao aŵiri aja, ndi a zomera ndi nyama. Chimene diso limayamba kuona nchakuti palibe malo: palibe nthaka yoyala patali, palibe thambo, palibe mzere wolekanitsa ziŵirizi monga m'zithunzi za Bowler. Chomera chimaima chokha pa pepala loyera, ndipo kaŵirikaŵiri chimaoneka chathunthu, masamba ake pamodzi ndi mizu yake ndi zonse zimene zimabisika m'nthaka. Mzungu wojambula malo amaima patali najambula zimene diso likuona. Mwana uyu akujambula zimene amadziŵa munthu amene adakumbapo chomeracho ali ndi njala. Utoto nawo sukugwira ntchito yosonyeza kuŵala ndi mthunzi. Ntchito yake nkuzindikiritsa: chipatso ichi nchofiira, muzu uwu ngwotuŵa. Ndipo m'mbali mwa chithunzicho, m'dzanja la Lloyd, muli dzina la chinthucho m'chinenero cha !kun, nthaŵi zina ndi mau onena ngati chimadyedwa kapena kumene chimamera, kenaka dzina la mwana amene wajambula ndi tsiku limene wajambulira.

Mapepala otereŵa akadakhala okha, tikadangoti ndi dikishonale ya zithunzi, yothandiza kwa odziŵa za zomera. Koma pakati pao pali ena amene amasokoneza maŵerengedwe otere, ndipo ndi pa ameneŵa pamene tikufuna kukhalitsa. Anyamataŵa adasimbira Lloyd nkhani za |xue, munthu wa m'nthano zao amene sakhala m'thupi limodzi: amasanduka chomera, amasanduka mtengo, amafa nadzukanso. M'nkhani ina ya !nanni, |xue amakhala chomera chotchedwa !naxane nthaŵi ya usana, mbalame nkumadya pa iye, ndipo dzuŵa likaloŵa amabwerera m'thupi lake nagona. Tsono anyamataŵa adamjambulanso |xue ameneyu, ndipo pa mapepala ena chimene adajambula ndi chomera kapena mtengo basi. Munthu wosaŵerenga mau a m'mbali sangalekanitse pepala lotere ndi mapepala ena a zomera. Nthambi ndi nthambi, masamba ndi masamba. Koma mau akuti uyu ndi |xue ali mtengo.

Chimenechi ndicho chithunzi cha munthu chimene mwana wa ku Mowbray adatisiyira, ndipo nchopanda nkhope. Umunthu wake wonse uli m'chiganizo chimene mwanayo adalankhula, Lloyd nalemba. Pa pepala la Baines tikachotsa mau, Shibante amatsala ali munthu, mwinanso munthu womasuka kuposa pamene mauwo alipo. Pa pepala la !nanni tikachotsa mau, |xue amatha, nkutsala chitsamba. Tikuona kuti wopachika pepala limeneli pa khoma chifukwa cha kukongola kwa mizere yake, mau a Lloyd nkuŵayesa chizindikiro cha wosunga katundu, waonetsa anthu chomera pamene mwana adajambula munthu.

Ife olankhula Chicheŵa tili ndi mwai womva msanga chimene chikuchitika apa, chifukwa chinenero chathu sichilola kuti munthu adutse pa nkhani yotere osasankha mbali. Tiyese kunena m'Chicheŵa zimene mbalame zija zidachita. Kodi tinena kuti "mbalame zidamudya" kapena "mbalame zidaudya"? Mgwirizanitsi wa pamtherankhani ayenera kukhala wa gulu la Mu-A, gulu la munthu, kapena wa gulu la Mu-Mi, gulu la mtengo, ndipo njira yachitatu palibe. Chingerezi cha Lloyd chingathe kungobwereza dzina la |xue nkupitirira; Chicheŵa chikafika pa mneni chimafuna yankho. Utoto wa !nanni ukuti "zidaudya". Chiganizo chake chikuti "zidamudya". Ndipo pepalalo likunena zonse ziŵiri nthaŵi imodzi, chinthu chimene mneni mmodzi wa Chicheŵa sangathe.

Komabe zimenezi sizachilendo kwenikweni kwa ife. Wosimba nthano akati "njovu idafika pa chitsime" akunena nyama. Akati "a Njovu adafika pa chitsime" akunena mkulu wina wolemekezeka amene angathe kunyengedwa ndi Kalulu. Nyamayo siidasinthe, mano ake ndi omwewo. Chasintha ndi phatikizo limodzi ndi agwirizanitsi ake. Pa bwalo la gule wamkulu zimayenda mobwerera: wovina amatchedwa chilombo, ndipo timati "chafika", "chavina", "chapita", osati "wafika". Pamenepo galamala ndiyo ikumaliza ntchito imene chigoba cha kumaso chidayamba. Chinenero cha anyamata a ku Mowbray chilibe magulu a maina oonekera pa phatikizo la kumayambiriro monga athu, koma ofufuza chinenero chapachibale cha Ju|'hoan, monga Jan Snyman ndi Patrick Dickens, adaonetsa kuti maina kumenekonso ali m'magulu, ndipo maguluwo amadziŵika ndi aloŵam'malo. Choncho wofuna kumvetsa zithunzi za |xue ali ndi ntchito ya galamala yomuyembekeza m'makope a Lloyd: kutsata mloŵam'malo amene mwanayo akugwiritsa ntchito pamene |xue akusanduka ndi pamene akubwerera, ndi kuŵerenga zimenezo chithunzi chili pambali.

Tingaonjezepo chitsanzo china cha kwathu, ngakhale sitikufuna kuchikoka mopitirira. M'mapanga a ku Chongoni, m'boma la Dedza, amene adaloŵa m'kaundula wa UNESCO m'chaka cha 2006, muli zojambula zoyera zooneka ngati chikopa cha nyama choyanika chotambasula miyendo. Ofufuza monga Benjamin Smith ndi Leslie Zubieta adazilumikiza ndi chinamwali cha atsikana a Chicheŵa. Mlendo amaona buluzi kapena chikopa. Namkungwi ankaonetsa namwali chithunzicho pamodzi ndi mwambo wake, ndipo phunziro lidali m'mau. Kumene mauwo adaiŵalika, thanthwe latsala ndi maonekedwe okha. Mapepala a ku Mowbray adapulumuka ku tsoka limeneli chifukwa padali munthu wolemba pa tsiku lomwelo.

Apa tiyenera kudziletsa, pakuti nkosavuta kuŵakometsa mapepalaŵa kuposa m'mene alili. Choyamba, dzanja limene lidalemba mau ndi la Lloyd. Iye ndiye ankafunsa, iye ndiye ankasankha choti alembe, ndipo m'miyezi yoyamba ankalemba chinenero chimene adali asanachimvetse. Pamene tikuti "mwana adanena", tikunena zimene mzimai wachingerezi wa zaka zoposa 40 adamva nazimasulira. Chinanso nchakuti anaŵa sadabwere ku Mowbray mwa kufuna kwao. Adali ana otayika m'dziko la eni, odya ndi kugona m'nyumba ya amene akuŵafunsa, ndipo mwana wotere amaphunzira msanga chimene chimakondweretsa mwini nyumba. Ngati zomera zachuluka m'mapepalaŵa, mwina nchifukwa chakuti zidali pamtima pa anyamatawo, mwinanso nchifukwa chakuti ndizo zinkafunsidwa. Ndiponso zimene ankadziŵa za |xue nzimene mwana amatola asanakule. Adachotsedwa kwao asanamve zonse zimene akulu ao akadaŵauza. Nkhani zao nzaduladula, ndipo wolemba za chipembedzo cha a !kun potsamira pa iwo okha akumanga nyumba pa mitengo yanthete.

Sitigwirizananso ndi chizoloŵezi choika zithunzizi pamzere umodzi ndi zojambula za m'mapanga za kumwera kwa Africa, ngati kuti mwana aliyense wa mtundu wa San amabadwa ali ndi luso la makolo akale m'manja. Maganizo amenewo ndi langizo lija la Livingstone litavala malaya ena: mwana akusandukanso woimira mtundu. !nanni ankajambula pa pepala la m'sitolo, ndi utoto wa m'sitolo, m'nyumba ya mabuku, m'chaka cha 1880, pamaso pa munthu amene ankadikira ndi cholembera. Mapepala ake ngosiyana ndi a Tamme, ndipo tingathe kuŵasiyanitsa chifukwa Lloyd adalemba dzina pa lililonse. Ngati pali chinthu chimodzi chimene mai ameneyu adapambana nacho anzake a nthaŵi yake, ndi khalidwe lakelo losatopa kulemba kuti wanena ndani, ndipo wanena liti. Adachita zimenezi m'zaka zomuvuta, pakuti mu 1880 adachotsedwa pa ntchito yosamala mabuku a Grey Collection, imene adaigwira chimwalirire Bleek.

Kufunika kwa khalidwe limeneli kumaoneka bwino tikayang'ana mbiri ya chinenero chathu, pakuti nafenso tili ndi ana athu amene adafika pa doko lomwe lija. Pa 16 July 1861, pa mudzi wa Mbame, Livingstone ndi anzake adamasula akapolo 84, ambiri mwa iwo amai ndi ana, ndipo anthu ameneŵa ndiwo adakhala chiyambi cha mishoni ya Bishopu Charles Mackenzie ku Magomero. Omasulira a mishoniyo adachokera ku Cape Town, anthu amene adaomboledwa kale m'zombo za akapolo. Mackenzie adamwalira pa 31 January 1862, mishoni idasamukira kwa Chibisa, ndipo pamene idachoka m'chigwa cha Shire, Horace Waller adatenga ena mwa amai ndi ana otsalawo napita nawo ku Cape mu 1864. Mmodzi mwa iwo adali mtsikana Daoma, amene adabatizidwa dzina lakuti Anne, nadzakhala mphunzitsi pa nyumba ya ana amasiye ya St George's ku Cape Town, ndipo adamwalira mu 1936. Adakhala mumzinda umodzi ndi Bleek zaka 11, ndipo pamene !nanni ankajambula ku Mowbray iye adali mumzinda womwewo, ali mtsikana wamkulu. M'mabuku a mbiri ya mishoni Daoma amakumbukiridwa monga mwana amene bishopu adamsenza pa phewa. Chithunzi chimenecho nchabwino, koma mwininkhani wake ndi bishopu. Amishoni a ku Magomero adaphunzira Chimang'anja kwa anthu amene ankakhala nawo, ndipo anthuwo ambiri adali amai ndi ana onga Daoma. Mau amene adaphunzitsa aphunzitsi aowo adaloŵa m'mabuku monga "Chimang'anja", popanda dzina la wonena pambali pa liwu lililonse.

Ngakhale pamene dzina lidalembedwa, lidatenga nthaŵi kuti limveke. Dikishonale yoyamba yaikulu ya chinenero chathu, Dictionary of the Kiniassa Language, idatuluka mu 1877 ili ndi maina a Johannes Rebmann ndi Ludwig Krapf pachikuto. Mau ake adachokera kwa Salimini, munthu wa m'chigawo chapakati cha Malaŵi amene adagwidwa ukapolo nakapezeka pafupi ndi Mombasa, kumene Rebmann adayamba kugwira naye ntchito mu 1853. Rebmann adamtchula m'mau oyamba a bukulo, koma padapita zaka 134 kufikira 2011, pamene Andrew Goodson adatulutsa nkhani yotchedwa Salimini's Chichewa, dzina la mwini mauwo nkukwera pa mutu wa nkhani. Ndipo likangokwera, mafunso amasintha: timayamba kufunsa kuti ichi nChicheŵa cha kuti, cha chaka chiti, cha munthu amene adachoka kwao ali ndi msinkhu wotani.

Mau a ana a ku Mowbray adayenda ulendo wobwerera m'mbuyo. Pa pepala adali ndi dzina, tsiku ndi chithunzi. M'dikishonale ya Dorothea Bleek, mwana wa Wilhelm, imene idatuluka mu 1956 ndi dzina lakuti A Bushman Dictionary, mau a !kun adaikidwa pansi pa chizindikiro cha NII, pamodzi ndi mau ochokera kwa anthu ena a m'zaka zina. Sitikunyoza ntchito imeneyo. Dikishonale siingathe kusenza zonse, ndipo aliyense amene adakonzapo mndandanda wa mau amadziŵa kuti kusanja nkutaya. Koma wogwiritsa ntchito bukulo ayenera kukumbukira kuti kumbuyo kwa ena mwa mau a NII kuli mnyamata amene adaloza chithunzi chake. Chiyambire 2007, pamene Pippa Skotnes adatulutsa buku la Claim to the Country pamodzi ndi zithunzi za makope ndi mapepala onsewo, ndiponso pamene zonsezi zidaikidwa pa intaneti, wofufuza alibenso chifukwa choŵerengera liwu popanda kuona pepala limene lidachokerapo.

Nkhani imeneyi ikutikhudza pa ntchito ya lero. M'madera oyandikana ndi Milnerton, monga Joe Slovo Park ndi Dunoon, mukukhala mabanja ochokera ku Malaŵi, ndipo ana ao akukula ndi Chicheŵa m'nyumba, Chixhosa pamseu ndi Chingerezi kusukulu. Wina mwa ife akadzafuna kulemba Chicheŵa cha ana ameneŵa, adzakomana ndi zonse zimene Lloyd adakomana nazo: mwana amene akudziŵa dzina la nkhwani kapena la masuku koma sadaonepo munda wake kapena mtengo wake, mwana amene akuyankha chimene akuganiza kuti mlendo akufuna, mwana amene pepala ndi utoto zingamthandize kunena chimene mau akumkanika. Adzakomananso ndi china chimene Lloyd sadachiganizire, pakuti malamulo a kafukufuku a masiku ano amafuna chilolezo cha makolo ndiponso amafuna kuti dzina la mwana libisike. Lamulo limeneli nloyenera, makamaka kwa ana a alendo m'dziko limene alendo adaukiridwapo, monga zidachitikira ku Dunoon komweko mu May 2008. Koma likutisiya ndi vuto lenileni: kubisa dzina kumateteza mwana, ndipo kubisa dzina ndi kumene kudasandutsa ana a ku Magomero kukhala "Chimang'anja". Njira imene tikuiona nkusunga mwanayo ali mmodzi ngakhale dzina lake litabisika: chizindikiro chake chake pa liwu lililonse, tsiku lake, msinkhu wake, ndi chojambula chake chosalekanitsidwa ndi zimene adanena pochijambula, kuti iye mwini akadzakula adzathe kuzipeza nkunena kuti nzake.

Ana anai aja sadakhalitse ku Mowbray. |uma adachoka mu December 1881 atampezera ntchito kwa munthu wina. !nanni ndi Tamme adachoka mu March 1882 kubwerera chakumpoto. Da, wamng'ono mwa onse, adatsala mpaka 1884. Pamene Lloyd adasindikiza Specimens of Bushman Folklore mu 1911, zaka zitatu asanamwalire, nthano za |xam zidadzaza thupi la bukulo, ndipo nkhani za |xue pamodzi ndi zina mwa zithunzi za anyamatawo zidaikidwa m'chigawo choonjezera cha kumapeto.